Supachaja ikayamba phokoso, tcherani khutu musanagwire sipanala

Mwa galimoto zogwirapo kale ntchito zomwe anthu amaitanitsa kuchokera ku Japan ndi ku Britain, zilipo zingapo zomwe injini zake zili ndi chipangizo chotchedwa supachaja. Eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti chipangizochi chilimo, kufikira tsiku lomwe pansi pa boneti payamba kumveka phokoso lachilendo. Zikafika apo, mau oyamba amene munthu amauzidwa ndi akuti chatha, aitanitse china. Komatu supachaja si chinthu chongotola pamsika. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo poidikira kuti ifike kuchokera kunja, galimoto imakhala pamiyala masabata ambiri pamene mwini wake amadalira yomweyo kunyamulira katundu wa malonda, ana a sukulu ngakhalenso odwala.

Sabata ino ndati ndikufotokozereni, inu awerengi, m'mene ine ndimafufuzira gwero la phokoso la supachaja ndi m'mene ndimaikonzera pakhomo. Mfundo yanga ndi imodzi. Kawirikawiri chimene chimalira si supachaja yonse ayi, koma kachipangizo kamodzi kakang'ono ka m'mphepete, ndipo khutu lingathe kukuuzani kuti ndi kati musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Koma ilipo mbali ina yam'kati yomwe munthu wapakhomo sayenera kuiphwasula. Wodziwa malire amenewo sataya ndalama zake pachabe.

Kodi supachaja n'chiyani?

Tiyambire pa moto. Mayi aliyense wophikira nkhuni amadziwa kuti moto ukamafooka, kuonjezera nkhuni kokha sikuthandiza, umafuna kuuzira. Injini nayo ndi chimodzimodzi. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Kuthira petulo wambiri n'kosavuta, chovuta n'kulowetsa mpweya wokwanira m'masilinda. N'chifukwa chake galimoto wamba imakoka bwino ku Nsanje kusiyana ndi ku Dedza, komwe malo ndi okwera pafupifupi mamita 1,600 ndipo mpweya ndi wopepuka. Injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse omwe yakwera.

Tsono supachaja ndi mvukuto wa injini. Monga momwe wosula makasu amapopera mpweya pamakala, iyo imakankhira mpweya m'masilinda mwamphamvu, motero injini yaing'ono imagwira ntchito ya injini yaikulu. Ambiri amaisokoneza ndi turbo. Ntchito ndi imodzi koma kayendedwe n'kosiyana. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi ndipo imamwa oyilo wa injini. Supachaja imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku pule ya injini, ndipo mitundu yomwe ndikunena pano ili ndi oyilo wakewake wosakhudzana ndi wa injini. Sungani mfundo imeneyi, tidzaipezanso kutsogoloku.

Mtundu wofala kwambiri m'galimoto ndi wa Roots. Dzinali lidachokera kwa abale awiri, Philander ndi Francis Roots, a ku Connersville m'chigawo cha Indiana ku America, omwe adalembetsa luso lawo m'chaka cha 1860. Poyamba makina awo ankauzira ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi kupopera mpweya m'migodi. Mu 1921 kampani ya Daimler idaonetsa ku Berlin galimoto za Mercedes zokhala ndi chipangizochi. Kampani ya Eaton ya ku America ndiyo idachifalitsa m'galimoto za anthu wamba, kuyambira ndi Ford Thunderbird Super Coupe ya 1989. Masupachaja ake a mtundu wa M amadziwika ndi nambala: M45, M62 ndi M90. Nambalayo imanena kuchuluka kwa mpweya womwe supachaja imakankha ikazungulira kamodzi. M62 imakankha pafupifupi lita imodzi, M90 pafupifupi lita imodzi ndi theka.

Kwathu kuno mungaipeze mu Mercedes-Benz zolembedwa Kompressor kumbuyo, monga C200 ya zaka za 2000 mpaka 2007, mu Mini Cooper S ya 2002 mpaka 2006, mu Volkswagen Golf ndi Touran zina za 1.4 TSI zomwe zili ndi supachaja ndi turbo pamodzi, komanso mu Nissan Note zoyambira 2012 zolembedwa DIG-S. Note imeneyi ndi chitsanzo chabwino: injini yake ya malita 1.2 ya masilinda atatu imatulutsa hosipawa 98, pamene inzake yopanda supachaja imatulutsa 79. Toyota Estima zina za m'zaka za m'ma 1990 nazo zidali ndi supachaja yotchedwa SC14. Zomwe ndilongosole pano n'za Eaton ya mtundu wa M, koma kamvetseredwe ka phokoso n'kofanana pa zonsezi.

Zomwe zili m'kati

Munthu sangadziwe chomwe chikulira ngati sadziwa zomwe zilimo. Tiyeni titsate mphamvu kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

Kutsogolo kuli pule, pomwe pamadutsa lamba. Pule imakhala pa shafuti yomwe imadutsa m'chigoba chachitali chooneka ngati mphuno ya nkhumba, ndipo amakaniko amangochitcha mphuno. M'mphunomo muli mabering'i awiri ndi oyilosilo. Kumapeto kwa shafuti kuli kachipangizo kozungulira kotchedwa coupler. Pa mitundu ina ndi kapulasitiki kolimba kokhala ndi mabowo olowamo timapini, pa ina kali ndi sipuling'i. Ntchito yake n'kulumikiza shafuti ndi magiya, komanso kufewetsa kugwedeza kochokera ku injini.

Kuseri kwa coupler kuli magiya awiri olumana, ndipo giya iliyonse imazunguza rota yake. Marota ndiwo mtima wa supachaja: zitsulo ziwiri za aluminiyamu, iliyonse ya mapiko atatu opotoka, zozungulira moyang'anizana m'bokosi. Marotawa sakhudzana okhaokha ndipo sakhudza khoma la bokosi. Mpata wake ndi wochepa ngati kunenepa kwa tsitsi, ndipo magiya aja ndiwo amasunga mpatawo. Kumbuyo kwenikweni, rota iliyonse imatsamira pa bering'i yaing'ono ya tizitsulo tonga singano, yomwe imadalira girizi wokhawokha. Pomaliza pali valavu yotchedwa bypass, yomwe imatsekula njira yolambalala pamene injini sikufuna mpweya wambiri.

Injini ikalizidwa kwambiri, zonsezi zimazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi. Oyilo wosamalira magiya ndi mabering'i a m'mphuno sadzaza ngakhale kapu yaikulu ya tiyi. Apa mutha kuona kuti kudontha pang'ono chabe n'kokwanira kuumitsa magiya.

Phokoso lililonse lili ndi mwini wake

Choyamba dziwani kuti supachaja yamoyo imalira. Mukaponda moto mumamva kamluzu koti ng'wiii, kokwera pamodzi ndi injini, ndipo mukachotsa phazi kamatsika. Kameneko si matenda. Pa galimoto zomwe supachaja yake ili ndi kilatchi ya magetsi, monga Note, Estima ndi Golf ija, mumamvanso kakuti tcha pamene kilatchi ikugwira. Nakonso n'kabwinobwino. Chofunika kuda nacho nkhawa ndi phokoso lomwe kale kudalibe.

Loyamba ndi la gobedegobede, ngati mtedza wouma m'chitini, lomveka injini ikamalira pang'onopang'ono galimoto itaima, koma n'kuzimirira mukangoponda moto. Kawirikawiri imeneyi ndi coupler. Mabowo ake akakula kapena sipuling'i ikatopa, timapini timasewera. Injini ikamalira pang'onopang'ono imakoka modukizadukiza, choncho timapini timamenya uku ndi uku. Mukaponda moto, mphamvu imatikanikiza mbali imodzi ndipo phokoso limatha. Limachititsa mantha, koma ndilo lotsika mtengo pa onse.

Lachiwiri ndi kung'ung'udza kokhakhala, ngati mphero ikupera miyala, kochokera pafupi ndi pule, komwe kumakula injini ikamathamanga ndipo sikuzimirira. Amenewa ndi mabering'i a m'mphuno. Nthawi zambiri mumapezanso kuti kuseri kwa pule kwanyowa oyilo wogwira fumbi, kusonyeza kuti oyilosilo idatha kale.

Lachitatu ndi kulira kwa magiya, kokweza ndi kopyoza m'khutu kuposa kamluzu kaja, komveka ngakhale simudaponde moto. Apa thamangirani kuona oyilo. Magiya akayenda ouma amadyeka, ndipo akadyeka marota amayamba kugundana.

Lachinayi ndi la kwekwekwe, chitsulo kukhula chitsulo chinzake, lochokera pakati kapena kumbuyo kwa bokosi. Limeneli ndilo loopsa. Limasonyeza kuti mabering'i a singano aja auma ndipo marota ayamba kupala khoma, kapena kuti china chake chalowa m'kati. Zinyenyeswa za aluminiyamu zilibe kwina kopita koma m'masilinda. Mukamva zotere zimitsani injini pomwepo, galimoto ikokedwe. Kukakamira kuti mukafike kunyumba kungakuphereni injini yonse.

Lachisanu ndi la tswii, makamaka m'mawa kapena mukaponda moto mwadzidzidzi. Limeneli si la supachaja, ndi lamba akuterereka chifukwa watha, wanyowa oyilo, kapena tenshona yomukoka yafooka. Timapule tina tomwe lamba amadutsapo natonso tili ndi mabering'i, ndipo tikatha timang'ung'udza mofanana ndi mphuno. Masupachaja ambiri abwinobwino amatsitsidwa chifukwa cha kapule kamodzi kotere.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la psii, ngati tayala likuphwa, limodzi ndi galimoto yofooka pachitunda kapena injini yonjenjemera itaima. Umenewu ndi mpweya ukuthawa pa paipi yong'ambika, pa kilampu yomasuka kapena pa gasiketi. Onaninso kapaipi kakang'ono kopita ku valavu ya bypass pa mitundu yomwe ili nako. Valavu ikakanirira yotsekula, supachaja imangopopa mpweya mozungulira ndipo galimoto imasowa mphamvu.

Lilipo lina lomwe lisakusokonezeni. Mukamakwera phiri mutanyamula katundu n'kumva ngati timiyala tikudumpha m'kati mwa injini yeniyeniyo, ameneyo ndi petulo akuphulika nthawi isanakwane. Zimadza ndi petulo wosayenera, makamaka wa m'zigubu wosakaniza, kapena mpweya wotentha kwambiri. Supachaja ilibe mlandu, koma pisitoni ingathe kubooka. Chotsani phazi, tsitsani giya, ndipo mufufuze msanga.

Mayeso atatu osalira ndalama

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisanamasule chilichonse ndimachita mayeso atatu.

Oyamba ndi a sikuludiraiva yaitali. Injini ikulira, ndimagunditsa nsonga yake pa mphuno, chogwirira n'kuchiika pakhutu. Kenaka ndimasunthira pakati pa bokosi, kumbuyo kwake, pa olitaneta, ndi pa bawuti ya tenshona. Pomwe phokoso likumveka kwambiri ndi pomwe pali vuto. Kufuna mpweya wothawa, kachidutswa ka paipi yothirira dimba kamachita bwino: mbali imodzi pakhutu, inayo kumayendetsa m'mbali mwa mapaipi. Chenjerani, lamba sadziwa mwini galimoto. Pindani malaya, vulani tayi, ndipo ana akhale patali.

Achiwiri ndi ochotsa lamba. Injini itazima ndi kuzizira, jambulani papepala njira ya lamba, kenaka m'chotseni. Pa galimoto zina supachaja ili ndi lamba wakewake, ndipo mungathe kuliza injini popanda iye. Phokoso likapitirira, ndiye kuti supachaja mukungoinamizira. Koma pomwe lamba yemweyo amazunguzanso olitaneta ndi pampu ya madzi, musapyole mphindi imodzi. A Mini Cooper S asamale kwambiri, chifukwa pampu ya madzi imazunguzidwa ndi supachaja yomweyo chakumbuyo kwake.

Achitatu ndi a dzanja. Lamba ali pansi, zunguzani pule ya supachaja pang'onopang'ono. Iyenera kuyenda myaa, osagwiragwira. Ipititseni kutsogolo ndi kumbuyo mofulumira: ikayenda kampata marota asanayambe kusuntha, n'kumveka kho kho, coupler yatha. Igwedezeni m'mwamba ndi pansi, muikoke ndi kuikankha: ikasewera, mabering'i a m'mphuno atha. Ikamakhula pamalo amodzimodzi pa ulendo uliwonse, vuto lili ku marota. Pa mitundu ya kilatchi, pule imazungulira payokha injini ikazima, choncho gwirani chimbale chapakati cholumikizana ndi shafuti. Musaiwale kuzunguza timapule tonse ndi tenshona, chimodzichimodzi.

Pomaliza masulani kabawuti kothirira oyilo ndi kupopa pang'ono ndi sirinji yokhala ndi kapaipi. Oyilo wa supachaja amanunkha moipa ngakhale zinthu zili bwino, choncho fungo lisakuopseni. Yang'anani mtundu wake padzuwa. Wakuda chabe ndi wokalamba. Wonyezimira tizitsulo akusonyeza kuti china chikudyeka. Mukapeza mouma pamene kunja sikudanyowe, oyilo wathawira ku marota kudzera m'maoyilosilo am'kati.

Kumasula ndi kukonza

Mukatsimikiza kuti vuto lili m'kati, musayambe ntchito zipangizo zatsopano zisanafike. Zimagulitsidwa pamodzi m'kaphukusi: coupler, mabering'i a mphuno, oyilosilo, mabering'i a singano, oyilo ndi mankhwala omatira. Poitanitsa tchulani mtundu wa galimoto, chaka chake ndi nambala ya injini. Bering'i iliyonse ili ndi nambala m'mphepete mwake, ndipo pogula pewani zotchipa zosadziwika kochokera, chifukwa liwiro la m'menemu si la wilibala.

Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi fumbi. Ine ndimagwirira m'nyumba, patebulo loyalapo katoni yoyera, osati pabwalo. Ndimayamba ndachotsa waya wa batire ndi kutsuka kunja konse kwa supachaja isanatsike. Paipi ndi waya uliwonse ndimaumanga kapepala ka nambala. Supachaja ikangotsika, ndimatseka pakamwa pa injini ndi nsalu yoyera. Kanati kamodzi kakagwera m'menemo, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yotsitsa mutu wa injini.

Popani oyilo yense. Masulani mabawuti a mphuno pang'onopang'ono modumphadumpha, ndipo muwabaye pa katoni motsata malo ake, poti ena ndi aatali kuposa anzake. Mphuno imakhala itamatidwa, choncho igogodeni m'mbali ndi hamala ya labala kapena ndi kathabwa. Musalowetse chezulo pakati, chifukwa nkhope ziwirizo zikakandika zidzadontha mpaka kalekale.

Mphuno ikachoka, coupler imaonekera pomwepo ndipo imazuka ndi dzanja kapena pongoitukula pang'ono. Yatsopano iyenera kulowa mothina pa timapini. Ngati mayeso aja adaloza coupler yokha, ndipo oyilo adalibe tizitsulo, ntchito yathera pomwepa. Pa galimoto zina zimatheka osatsitsa n'komwe supachaja. Musaphwasule zomwe sizidadwale.

Ngati mabering'i a mphuno atha, pule iyenera kuchoka. Pa mitundu yambiri pule idalowetsedwa ndi pulesi, ndipo imafuna chozulira chake chogwira pakhosi pake. Chozulira cha miyendo itatu chogwira m'mphepete chimaipinda, ndipo hamala imaononga shafuti. Apa musachite manyazi kunyamula mphuno yokhayo kupita nayo kugalaja kapena kwa owotcherera zitsulo komwe kuli pulesi. Yezani kaye malo omwe pule idakhala pa shafuti, kuti pobwezera idzayang'anizane bwino ndi mapule ena. Ikapendekera ngakhale pang'ono, idzadya lamba aliyense yemwe mudzaike. Shafuti ikatuluka, yalani zonse patebulo motsatana monga zatulukira. Polowetsa bering'i yatsopano m'chigoba, kanikizani mkombero wakunja. Poilowetsa pa shafuti, kanikizani wam'kati. Aluminiyamu amafutukuka kuposa chitsulo akatenthedwa, choncho kuviika chigoba m'madzi otentha n'kuchipukuta bwino, mabering'i atagona m'firiji, kumafewetsa ntchito. Pakani oyilo pang'ono pamlomo wa oyilosilo musanalowetse shafuti.

Kuti mufike ku mabering'i a singano, marota onse awiri amasololoka pamodzi ndi magiya ndi chimbale chomwe chimawagwira. Sololani mowongoka ndipo muwagoneke pansalu. Yang'anani m'bokosi. Timizere tating'ono tosakola chikhadabo si vuto. Yezani kuya kwa mabering'i akale musanawazule, kenaka muwazule ndi chozulira chogwirira m'kati. Amakaniko ena amaboola kabowo kuseri n'kuwakankha ndi girizi, kenaka n'kutsekapo, koma njira imeneyi si ya woyamba kumene. Atsopano alowe ndi pulesi, mowongoka, mpaka pa kuya komwe mudayeza. Ambiri amabwera ndi girizi wake wopirira kutentha. Musawatsuke, ndipo musaonjezere girizi wa ngolo kapena wa njinga, chifukwa amasungunuka n'kuthawa.

Marota ambiri ali ndi utoto wapadera wochepetsa mpata uja. Apukuteni ndi nsalu yofewa basi. Sandipepa, bulashi ya waya ndi mankhwala aukali zimachotsa utotowo ndipo supachaja imayamba kupopa mofooka ndi kutenthetsa mpweya.

Malire a ntchito yapakhomo

Tsopano mvetsetsani apa. Magiya awiri aja musawazule pa mashafuti a marota. Adalowetsedwa ndi pulesi kufakitale, marota atayezedwa ndi zida zapadera, ndipo palibe kiyi kapena chizindikiro chokuthandizani kuwabwezera pomwe adali. Akaphonya pang'ono chabe, mapiko a marota amamenyana. Izi zikutanthauza kuti mabering'i ndi maoyilosilo omwe ali kuseri kwa magiya si a munthu wapakhomo.

Choncho gwirani rota iliyonse ndi kuigwedeza pa chimbale chake. Ikasewera, kapena mano a magiya akakhala odyeka, kapena mapiko akaoneka kuti akhala akugundana, kapena khoma la bokosi likakhala ndi ngalande zokola chikhadabo, imani pomwepo. Apo ndi pomwe mau akuti itanitsani china amakhala oona. Safunsa adadya phula: pitani kwa odziwa ntchito imeneyi, kapena funani supachaja ina. Ndipo mukamagula yogwirapo kale ntchito, chitani nayo mayeso a dzanja aja ndi kuona oyilo wake musanapereke ndalama. Kuwala kwa kunja sikunena kanthu, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kubwezera

Palani mankhwala akale pankhope zolumikizana ndi kachipulasitiki, osati mpeni. Pakani mankhwala omatira omwe abwera m'kaphukusi, mopyapyala kwambiri. Amenewa ndi a mtundu wouma pokhapokha akapanikizidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Silikoni wamba kapena gasiketi yodula pa katoni zimasintha mipata yam'kati, ndipo zotsalira zake zimagwera m'magiya. Mangani mabawuti modumphadumpha, pang'onopang'ono, ndipo ngati mungabwereke sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti tsatani mlingo wa m'buku la galimotoyo. Mazinga a mu aluminiyamu sachedwa kupululuka.

Musanaikweze, zunguzani pule ndi dzanja maulendo angapo. Ikakhula paliponse, masulaninso. Thirani oyilo wa supachaja weniweni pa mlingo wa m'buku. Pa mitundu yambiri amafika m'munsi mwa bowo lothirira, supachaja itakhala mowongoka. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi si wake, ndipo kudzaza mopyola kumaphulitsa maoyilosilo. Ikani magasiketi atsopano, werengani zida zanu, ndipo onetsetsani kuti nsalu ija mwaichotsa pakamwa pa injini. Lizani injini mphindi khumi galimoto itaima, mukumvetsera ndi sikuludiraiva ija ndi kuyang'ana podontha. Makilomita oyamba yendani mofatsa.

Kuisamala kuti ikhalitse

Misewu yathu yambiri ndi yafumbi, ndipo fumbi lililonse lodutsa pa sefa ya mpweya limayamba lapala marota lisanafike ku injini. Sefa yong'ambika kapena bokosi lake losatseka bwino zimapha supachaja mwakachetechete. M'chilimwe ionani pafupipafupi, ndipo musayende opanda sefa ngakhale ulendo wa kumsika. Oyilo wa supachaja ine ndimamuona pa makilomita 30,000 alionse, komanso tsiku lomwe galimoto yangofika kumene kuchokera kunja, popeza ambiri amasintha oyilo wa injini zaka ndi zaka osadziwa kuti palinso wina. Lamba ndi tenshona zisinthireni limodzi. Ndipo wina akakunyengererani kuti muike pule yaing'ono kuti galimoto izithamanga kwambiri, kanani. Pule yaing'ono imathamangitsa marota, imatenthetsa mpweya, ndipo imaitana kuphulika kwa petulo kuja.

Langizo langa lomaliza ndi ili. Mawa m'mawa, galimoto yanu ikadali bwino, tsekulani boneti ndi kuimvetsera kwa mphindi ziwiri, pamphuno, pakati ndi kumbuyo kwa supachaja. Amene akudziwa kulira kwake ili yamoyo ndi amene adzazindikire msanga tsiku lomwe mau ake asintha, vuto likadali la coupler ndi kabotolo ka oyilo, lisanafike ku marota ndi mapisitoni.